Mmene timapewera zilonda za pogona chivulalire msana bambo a ana anga

Bambo a ana anga anali kalipentala. Anagwa padenga akukhoma malata, msana n'kuthyoka, ndipo chiyambire tsiku limenelo samva chilichonse kuchokera pamchombo kutsika mmunsi. Papita zaka zisanu ndi chimodzi tsopano. Anthu akabwera kudzatizonda amafunsa za miyendo, ngati idzapondenso pansi. Za khungu safunsa. Komatu chimene chinatsala pang'ono kundisiya wamasiye si kugwa kuja ayi, koma chilonda chimene chinayamba ngati kabanga kakuda, kukula kwake ngati chitsekerero cha botolo.

Chinabwera chonchi. Patatha miyezi ingapo titatuluka m'chipatala, kumudzi kwawo ku Ntcheu kunagwa zovuta. Tinakwera minibasi ku Blantyre, njinga yawo ya olumala tinaipinda n'kuiika kumbuyo, khushoni n'kutsalira komweko. Iwo anakhala pampando wa minibasi, chitsulo chongokutidwa ndi kasiponji kakutha, maola oposa atatu osasuntha. Titafika anati sangakagone m'nyumba anzawo akuchezera panja, ndiye anakhala panjinga usiku wonse akuotha moto ndi amuna anzawo. M'mawa mwake mwambo, kenako kumanda. Titabwerera kunyumba, ndikuwasambitsa, ndinaona banga pansi pa thako lakumanja. Ndinalitikita mwamphamvu ndi Vaseline kuti magazi ayende, ndinapota chitenje n'kupanga nkhata yoti azikhalira, ndipo kutacha anakwera njinga monga mwa masiku onse. Zitatu zonsezi zinali zolakwika. Pasanathe milungu iwiri panatseguka, ndipo anamwino atachotsa mnofu wakufa, dzenje lake linali lolowa chala chonse. Anagona miyezi isanu ndi iwiri osakhala tsonga.

Zilonda zoterezi achipatala amati ma bedsore. Kuti muwapewe muyenera kumvetsa kaye kumene amachokera. Inuyo mukakhala pabenchi kutchalitchi ulaliki n'kutalika, mumapendekeka uku, kenako uko, osadziwa n'komwe kuti mukutero. Ndi thupi likukuuzani kuti pamene fupa lapanikiza mnofu magazi asiya kufika. Munthu wovulala mtsempha wa mumsana uthenga umenewu sumufika. Mnofu umapanikizika pakati pa fupa ndi mpando, umasowa magazi, n'kuyamba kufa iye akucheza ndi kuseka. Ndipo nthawi zambiri umayamba kufa mkati, pafupi ndi fupa, kotero chimene mukuona pakhungu chimakhala chaching'ono kuposa chimene chili pansi pake, ngati mbatata yoola mkati khungu lili bwinobwino. Sizitenga masabata. Maola ochepa pa malo olimba ndi okwanira. Ntchito imene ululu unkagwira tsopano iyenera kugwiridwa ndi maso, manja ndi wotchi.

Kuyang'ana khungu

Ife timayang'ana kawiri pa tsiku: m'mawa asanadzuke, ndi madzulo akangochoka panjinga. Cha m'mawa chimatiuza mmene bedi lawachitira, cha madzulo mmene njinga yawachitira. Malo ake ndi onse amene fupa lili pafupi ndi khungu. Wogona chagada, onani kumapeto kwa msana pamwamba pa matako, zidendene, zigongono, mafupa a mapewa ndi kunkhongo. Wogona chammbali, onani fupa la m'mbali mwa chiuno, mawondo pamene amagundana, ndi akakolo. Wokhala panjinga, mafupa awiri aja a pansi pa matako, amene mumawamva mukakhalira manja anu.

Apa pali chimene chinandisocheretsa ine. Timapepala tambiri ta zaumoyo timati yang'anani pofiira. Khungu lathu lakudali silifiira. Limada kuposa pozungulira, mwina kuoneka ngati lapsa mkati, mwina kunyezimira, mwina kutuwa. N'chifukwa chake maso okha sakwanira. Tsegulani zenera kapena walitsani tochi ya foni, ndiyeno gwirani ndi kuseri kwa dzanja. Kodi pakutentha kapena kuzizira kusiyana ndi malo ena? Palimba ngati pali kamwala mkati, kapena pafewa ngati papaya lakupsa? Patupa? Yerekezani ndi mbali inayo: thako lakumanzere ndi lakumanja, chidendene ichi ndi icho. Munthu akangochoka pamene anagonera, kachizindikiro kamakhalapo ndithu, koma kamayenera kuzimiririka. Kakapitirira mphindi 30 kadakalipo, dziwani kuti pavulala.

Poyamba ndinkayang'ana ndine ndekha, iwo atatembenukira kukhoma ndi manyazi. A mafizo, aja achipatala ophunzitsa odwala masewera olimbitsa thupi, ndiwo anawauza mosapita m'mbali kuti, "Bambo, thupi ili ndi lanu, mayiwa tsiku lina adzadwala malungo." Tinagula kagalasi kumsika, iwo eni n'kukakhomera pa kamtengo kotalika ngati mkono, poti ukalipentala sunachoke m'manja. Lero amadziyang'ana okha, ine ndimangogwira pamene galasi silifika. Ngati wodwala wanu manja ake sagwira, aphunzirebe kufunsa ndi kulamula: mwaona zidendene? Mwanditembenuza nthawi yanji? Foni ingathandizenso. Jambulani malowo, mumuonetse, ndipo mawa mudzayerekeze.

Usiku

Lamulo loyambira ndi kutembenuza maola awiri alionse, usana ndi usiku. Ndikudziwa kulemera kwake. Miyezi yoyamba ndinkatchera alamu pafoni: 10 koloko, 12, 2, 4, 6. Ndinkayenda ngati woledzera masana onse. Musayese kusenza nokha. Ife tinagawana ndi mlamu wanga ndi mwana wathu woyamba, ndipo tinamata pepala kukhoma lolemba nthawi ndi mbali, kuti wodzuka ndi tulo asabwezere munthu mbali yomwe wachoka. Pakapita nthawi, khungu likamaoneka bwino m'mawa uliwonse ndiponso matiresi ali abwino, achipatala angakuuzeni kuti muwonjezere nthawi pang'onopang'ono. Koma muziwonjezera pang'ono n'kuona, osati kudumpha kuchoka pa maola awiri kufika usiku wonse chifukwa chotopa.

Kagonekedwe kake nako n'kofunika. Pomugoneka chammbali musamuimike pa fupa la chiuno ngati mpeni. Mupendekeni pang'ono chabe, pilo kumsana, kuti kulemera kugwere pa mnofu wa thako. Achipatala amati madigiri 30. Ine ndimaona polowetsa dzanja pansi: fupa la m'mbali mwa chiuno ndi la kumapeto kwa msana onse asakhale opanikizika. Pilo wina pakati pa mawondo mpaka ku akakolo. Akagona chagada, ikani pilo mlitali pansi pa akatumba a miyendo kuti zidendene zilendewere, zisakhudze matiresi ngakhale pang'ono. Zidendene zimapusitsa chifukwa zili kutali ndipo zimabisika m'bulangete.

Chinthu china chimene sindinkachidziwa: kutsamiritsa munthu pabedi ndi mapilo ambiri kumsana, ngati mmene timachitira pomudyetsa kapena alendo akabwera. Thupi limatsetsereka pang'onopang'ono, khungu la kumapeto kwa msana n'kukakamira pa nsalu pamene fupa likutsika. Timitsempha ta mkati timakokeka ndi kuduka. Akadya, mubwezereni pansi. Chimodzimodzi pomukweza kumtunda kwa bedi, musamukoke m'khwapa. Yalani chitenje cholimba pansi pake, anthu awiri agwire uku ndi uku, n'kunyamula.

Kugona chafufumimba kunatipulumutsa ife. Mapilo pansi pa chifuwa, pa ntchafu ndi pa miyendo, kusiya mipata pa mawondo, pa mafupa a kutsogolo kwa chiuno, pa zala za kumapazi ndi pa maliseche. Matako onse amapuma, ndipo iwo amagona nthawi yotalikirapo. Koma izi funsani kaye adokotala, makamaka ngati msana sunagwirane bwino kapena munthu wavulala m'khosi ndipo amapuma movutika.

Za pogona, mphasa pa simenti ndi mdani. Ndikudziwa kuti ndalama ndi yovuta, koma abale akafunsa kuti tithandize chiyani, musanene shuga kapena sopo, nenani matiresi. Akhale a siponji yolimba, yochindikala, osati aja opepuka amene amaphwa mwezi umodzi. Kuyesa kwake n'kosavuta: munthu ali chigonere, lowetsani dzanja pansi pa matiresi molunjika pa fupa. Mukamva fupalo likukugundani m'dzanja, matiresi atha ntchito. Nsalu yoyala ikhale ya thonje, yokokedwa bwino popanda makwinya, ndipo mukatha kudya sasani nyenyeswa. Kanjere ka mpunga kouma kamatha kuvulaza khungu usiku umodzi.

Panjinga

Apa ndi pamene amuna ambiri amavulalira, chifukwa akayamba kupeza mphamvu amafuna kubwerera ku moyo: kumsika, ku bawo, ku mpira, ku ntchito. Zimenezo n'zabwino, ndipo ine ndinasangalala tsiku limene bambo anayambanso kupala timipando pakhonde. Koma munthu akakhala tsonga, kulemera konse kwa thupi kumatsikira pa mafupa awiri aang'ono.

Njinga yopanda khushoni yoyenera ndi msampha. Njinga zambiri zimene anthu akufuna kwabwino amagawa ndi zija zokankhira odwala m'makonde a chipatala, zokhala ndi kansalu kolendewera pokhalira, nthawi zina zazikulu kuposa munthuyo. Landirani ndi manja awiri, koma pitani nayo kwa a mafizo akaione. Ku Blantyre kuli Kachere Rehabilitation Centre, pafupi ndi chipatala cha Gulupu, ndipo bungwe lothandiza olumala la MAP (Malawi Against Physical Disabilities) lakhala likugwira ntchito ya njinga ndi mafizo kwa zaka zambiri. Pa zipatala zikuluzikulu ndi za maboma funsani a mafizo. Iwo amayeza munthu, kuona ngati popondera mapazi pali pa msinkhu woyenera, ndi kupereka kapena kukuuzani khushoni yosemedwa mwapadera, yokhala ndi kadzenje kumbuyo komwe mafupa aja amalowa. Popondera pakakwera kwambiri, mawondo amakwera, ntchafu sizinyamulanso kanthu, zonse n'kugwera pa matako. Khushoni nayo imatha. Iyeseni ndi dzanja ngati matiresi, ndipo muonetsetse kuti ana sanaitembenuze kutsogolo kukhala kumbuyo.

Nkhata, chubu cha galimoto, kapena khushoni iliyonse yoboola pakati ngati mphete, musayerekeze. Imaoneka yanzeru chifukwa pakati sipakhudza, koma mkombero wake umapanikiza mozungulira n'kutseka magazi opita pakatipo. Ine ndinaphunzira izi pa thupi la mwamuna wanga.

Ngakhale khushoni ikhale yabwino chotani, munthu ayenera kupumitsa matako mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. Ambiri amadziwa kudzikweza ndi manja, koma amangokwera ndi kutsika nthawi yomweyo, ndipo magazi sakhala atabwerera. Pamafunika mphindi imodzi kapena ziwiri zathunthu, zomwe mapewa sangapirire tsiku lonse, ndipo mapewawo ndiwo miyendo yake tsopano, ayenera kusungidwa. Njira yabwino ndi kuwerama. Mangani mabuleki, timatayala takutsogolo tiloze kutsogolo, ndiye aweramire pa mawondo kapena patebulo mpaka dzanja lizitha kulowa pansi pa matako. Kapena apendekere kumanzere atagwira chinthu cholimba, kenako kumanja. Bambo amachita zimenezi pakati pa anthu osaonekera, ngati akumanga chingwe cha nsapato. Wovulala m'khosi, womusamalira angapendeketse njinga yonse chammbuyo n'kuitsamiritsa pa miyendo yake atakhala pampando, kwa mphindi zingapo.

Posamuka kuchoka panjinga kupita pabedi kapena kuchimbudzi, thako lisakhule pa tayala. Kuchimbudzi ndi kubafa nakonso kumafunika chofewa pokhalira. Ife tinakuta mpando wosambira ndi siponji ndi lekizini.

Chinyezi, zovala ndi moto

Khungu lonyowa limafewa ngati la munthu wochapa tsiku lonse, ndipo silichedwa kusupuka. Mkodzo kapena chimbudzi chikatayika, musadikire kuti kuche. Tsukani ndi madzi ofunda pang'ono ndi sopo wosaluma, pukutani mogunditsa nsalu osati mokhula, kenako pakani Vaseline pang'ono kapena mafuta a zinc a ku famase kuti atchinge. Pakani mofatsa, osatikita pa mafupa. Spirit ndi paudala zisiyeni. Pulasitiki yotchinjiriza matiresi ikhale pansi pa nsalu yochindikala, chifukwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala munthu amasambira thukuta lake lomwe. Ngati ali ndi paipi ya mkodzo, onani kuti sakuigonera. Imasiya mzere pa ntchafu umene umasanduka chilonda. Kukhala ndi nthawi yokhazikika ya chimbudzi, monga mmene achipatala anakuphunzitsirani, kumachepetsa ngozi zambiri za pabedi.

Majinzi tinawagawa kwa abale. Misoko yake yolimba, matumba akumbuyo ndi timabatani tachitsulo zonse zimadinda. Ndinasoka mathalauza a nsalu yofewa opanda matumba kumbuyo. M'thumba musakhale makiyi, ndalama zachitsulo kapena foni pamene angakhalire. Nsapato zikhale zokulirapo chifukwa mapazi amatupa, ndipo musanaveke lowetsani dzanja, mwina mwagwera kamwala kapena chala chapindika.

Moto ndiye ndimauopa kwambiri mu Juni ndi Julaye. Munthu wosamva miyendo amatha kupsa ndi mbaula mpaka matuza iye osadziwa. Mbale ya nsima yotentha pa ntchafu, kapu ya tiyi pakati pa miyendo, botolo la madzi otentha m'bulangete, chitsulo cha njinga imene yakhala padzuwa: zonsezi zawotchapo anthu. Madzi osamba yesani ndi chigongono chanu. Bambo ali ndi kathabwa kamene amaika pamiyendo akamadya.

Za chakudya ndisachulutse mawu. Munthu wowonda mafupa amatuluka, wonenepa kwambiri amavuta kunyamula ndipo amalemera pa khushoni. Khungu limafuna ndiwo zomanga thupi tsiku lililonse: nyemba, nandolo, usipa, matemba, mazira, soya, masamba otendera, phala la likuni. Zipatso za nyengo yake, magwafa, mapapaya, malambe, mango. Madzi azimwa, ambiri amadzimana poopa kunyowetsa pogona, zomwe zimangobweretsa matenda a chikhodzodzo. Fodya amachepetsa magazi ofika pakhungu, ndipo mowa umaiwalitsa munthu kusuntha. Akadwala malungo kapena kutsekula m'mimba, khungu limafooka msanga, ndiye masiku amenewo bwererani ku maola awiri ndipo muziyang'ana kangapo.

Mukaona banga

Chokanipo. Palibe mankhwala ena oposa amenewa. Ngati lili pa thako, njinga iyambe yaima, munthu agone chammbali kapena chafufumimba mpaka bangalo litatheratu, kaya ndi masiku atatu kaya sabata. Apa pamakhala mkangano m'nyumba, chifukwa iye sakumva kupweteka ndipo ali ndi zochita. Ife tinagwirizana kalekale kuti pa nkhani iyi palibe kukambirana, ndipo iwo eni ndi amene amanena tsopano kuti masiku atatu si miyezi isanu ndi iwiri. Kenako fufuzani chimene chachititsa: khushoni yaphwa, msoko, ulendo, nsapato yatsopano? Mukapanda kuchipeza chibweranso.

Khungu likasupuka kapena pakatuluka thuza, pitani kuchipatala akaone ndi kukuphunzitsani kutsuka ndi kumanga. Anthu okukondani adzabwera ndi malangizo: phulusa, mankhwala otsukira mano, makapisozi otsegula n'kuwaza pabala, masamba otafuna. Ena adzati chilonda chosapola chotere n'cha kulodzedwa. Athokozeni, koma pabalapo pasafike chilichonse chimene achipatala sananene. Ndipo thamangani tsiku lomwelo, usiku ukhale usiku, mukaona mafinya, fungo, mnofu wakuda, kutupa ndi kutentha mozungulira, kapena munthu akatentha thupi, kunjenjemera, kusokonezeka mutu. Chilonda chotere chimalowa m'fupa ndi m'magazi, ndipo chimapha. Miyendo ikayamba kukungika ndi kudumpha yokha kuposa masiku onse, nthawi zina ndi thupi likunena kuti penapake pavulala. Vulani munthu muyang'ane paliponse.

Kwa amene anavulala chakumtunda, kuyambira cha pachifuwa kukwera m'khosi, pali ngozi ina yofunika kuidziwa. Chilonda, paipi ya mkodzo yotsekeka kapena chovala chothina zimatha kukweza BP mwadzidzidzi: mutu kuwawa ngati ukung'ambika, thukuta kumaso, mphuno kutsekeka. Mukhazikeni tsonga, masulani zothina, onani paipi ngati yapindika, ndipo zikapanda kusintha msanga pitani kuchipatala osazengereza.

Chilonda chikapola musafulumire. Chipsera sichibwerera mphamvu ya khungu lakale. Bambo atachira anayamba kukhala mphindi 15 zokha, n'kugona, ife n'kuyang'ana. Mawa lake kuwonjezera pang'ono, mpaka patatha milungu ingapo ndi pamene anafika theka la tsiku.

Kumudzi timapitabe, maliro ndi maukwati sizitha. Koma tsopano khushoni sipita kumbuyo ndi katundu, imakhala pansi pawo kuyambira pakhomo mpaka pofika. Timapempha mpando wakutsogolo ngakhale kulipira malo awiri, ndipo minibasi ikaima pa Zalewa kapena pa Chingeni anthu akugula zinthu pawindo, iwo amaweramira kutsogolo mpaka dalaivala ataliza injini. M'chikwama mumakhala kagalasi kaja, tochi, Vaseline ndi nsalu ziwiri zouma, ndipo matiresi awo aang'ono timawapinda n'kumanga ndi chingwe. Tikafika, asanalonjere anthu ambiri, timapempha chipinda kaye kuti ndione khungu. Pa maliro a malume awo chaka chatha anakhala pamoto ndi anzawo mpaka cha m'ma 9 koloko, kenako anatsanzika okha kwa akuluakulu, n'kukagona chafufumimba m'nyumba ya alongo awo, nyimbo za pasiwa akuzimvera pazenera.